A Jenerale Gundigundi ndi Batani Lothawira

Alamu anga, amuna a achemwali anga, anamwalira ali Jenerale wa asilikali oti onse pamodzi ankakwana m'thumba la shati. Munthu wamkulu ndithu, wadazi, wa zidzukulu, katswiri wokonza mawailesi ndi ma TV, koma zaka zake zomaliza anazipereka nsembe kwa kagemu ka m'manja kosaposa sopo wochapira kukula kwake. Iwo ankafuna tiziwatchula Jenerale. Msewu wathu wonse unkawatchula a Gundigundi, ndipo dzinalo ndinayambitsa ndine, sindibisa.

Tinkagawana shopu imodzi. Ine ndi makina anga osokera chakukhomo kowala, iwo kumbuyo pakati pa mitembo ya mawailesi. Kagemuko kanabwera ndi kasitomala wina kuti akakonze sikirini. Alamu anakakonza, n'kukayatsa kuti ayese ngati kachira, basi kuyesako kunatha ndi maliro awo. Mwini wake akabwera ankauzidwa kuti zipangizo sizinafike, mpaka munthuyo anatopa n'kusamuka.

Poti ndinakamvera m'khutu muno mpaka kukhuta, ndikuuzeni kaseweredwe kake. Pa sikirini pali tiasilikali takuda, timiyendo ngati ta udzudzu, tina ta mikondo, tina ta mauta, tina ta zishango. Tinthu timeneti sitimva mawu ayi, timamva ng'oma. Mabatani alipo anayi, lililonse ndi ng'oma yakeyake: gu, ndi, pha, kwe. Ukamenya gu-ndi-gu-ndi timayenda chitsogolo. Pha-pha-pha-ndi timaponya mikondo. Ndi-ndi-gu-gu timabisala kuseri kwa zishango. Koma lamulo lalikulu ndi lakuti ukamenya kanayi uzikhala chete kaye, tiasilikalito tikuyankhe ndi nyimbo, kenako umenyenso. Ukafulumira, ukachedwa, kaya ukatidula pakamwa, timangoima n'kumakuyang'ana. Ukasunga kugunda kwake osaphonya, magazi amatitentha n'kuyamba kumenya nkhondo ngati tamwa kanthu.

Tsono tsoka linali pamenepo. Amati ukaipa dziwa nyimbo, koma alamu anaipa, nyimbonso osaidziwa. Kutchalitchi ankawomba m'manja pomwe anzawo onse atsegula manja. Paukwati wa mwana wawo anavina mpaka mayi wina anawafunsa ngati alowedwa linthumbu. Nanga zoti akhale chete kudikira yankho, alamu? Munthu woti akakufunsa kuti wadzuka bwanji ankadziyankhira yekha kuti wadzuka bwino?

"Yendani, agalu inu!" ankakuwa kumbuyoko.

"Alamu, mukutukwana ndani? Pakhomo pali kasitomala."

"Ndikunena a mikondo awa. Angoti njo ngati ali pamzere wa kuchipatala."

"Nanga si mukuwadula pakamwa."

"Mlamu, soka madiresi. Za nkhondo uwasiyire amuna."

Pang'onopang'ono zala zinaphunzira zimene mutu unakana. Tiasilikali tinayamba kuyenda, kusaka nyama, kutola mitengo ndi zitsulo zosulira zida zatsopano. Apo ndiye ntchito inaima. Alamu ankakhala m'mawa wonse akufola masikuluwu patebulo, kukonza mapulani a nkhondo: a zishango patsogolo, a mikondo pakati, a mauta kumbuyo. Bambo wina wogulitsa nsapato anabwera kudzatenga wailesi yake kuti akamvere mpira, n'kuipeza ili yasa, matumbo panja.

"Achimwene, masikuluwu a wailesi yanga ali kuti?"

"Musagwire pamenepo! Amenewo ndi a mauta."

Bamboyo anandiyang'ana ine ngati ndine ndinawabereka. Ndinangoweramira makina anga, manyazi mpaka m'zala za kumapazi.

Kenako gulu la a Jenerale linakumana ndi chichule. Chichule chake chodzadza theka la sikirini. Chimayamba n'kudzitukumula, kudzitukumula, kenako chimadumpha n'kugwera gulu lonse, khu! Zishango sizithandiza kanthu. Kagemu komweko kankawalangiza, mawu n'kumalembeka m'munsi mwa sikirini, akuti thawani kaye, chigwere pouma, mubwerere mudzachibaye. Nyimbo yothawirayo inkafuna batani lachinayi lija, la kwe.

"Ndithawe? Ine? Chule?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu. Ngakhale makina akukumverani chisoni."

Anatenga kasikuludiraiva, n'kuzula batani la kwe ngati dzino lobowoka, n'kupita nalo panja kukaliponya m'ngalande. Pobwera anatukula chifuwa n'kulengeza kuti gulu lawo silidziwa njira ya kumbuyo. Choncho nyimbo yothawira sanaimenyepo, ndipo ine sindinkadziwa n'komwe kuti imalira bwanji. Kuyambira pamenepo m'shopu mwathu munkagwa maliro tsiku lililonse. Gu-ndi-gu-ndi, pha-pha-pha-ndi, kenako khu! Alamu ankavula chipewa n'kuimirira mwakachetechete kulemekeza ogwa, n'kukhalanso pansi kukasaka nyama zoti alerere gulu lina lokafera pomwepo. Chindere chakufikapo, ndikukuuzani.

Zikanathera m'shopu zikanakhala bwino, koma matendawa anafika nawo kunyumba. Achemwali anga ndi mphunzitsi wopuma, munthu woleza mtima, woti anapirira ana a eni ake moyo wake wonse. Alamu analeka kuwayankhula ndi pakamwa, n'kumangogogoda tebulo. Nkhonya inali gu, kachala kamodzi ndi, chikhatho pha. Gu-ndi-gu-ndi ndiye kuti tiyi abwere. Pha-pha-pha-ndi ndiye kuti mphaka wa aneba walowa m'khitchini. Ndi-ndi-gu-gu ndiye kuti tsekani chitseko, abusa akubwera, munene kuti ndachokapo.

Tsiku lina kunabwera amayi a kwaya kudzacheza. Ali mkati moseka, alamu pakona pawo anagogoda gu-ndi-gu-ndi. Achemwali, osaganiza n'komwe, anadzambatuka kulunjika kukhitchini. Mayi wina wapakamwa anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Koma mayi, akuphunzitsani bwino bambowa! Wathu galu mpaka lero samva likhweru."

Achemwali anaika ketulo pansi bwinobwino, n'kuwaperekeza alendo, n'kulongedza chikwama. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde panga.

"Abwere adzanene ndi pakamwa pawo kuti ndalakwa, bwerera kunyumba. Mawu ake ndi omwewo basi. Sindikufuna mphatso, sindikufuna nthumwi."

Ndiye muzimva, nyumba yanga ndi ya bedi limodzi. Mkulu ndi mkulu, bedi linapita kwa achemwali, ine n'kutsikira pansi pa kamatiresi kopyapyala. Kuwonjezera apo amaliza mkonono ngati jenereta. Ukwati wa anthu awiriwa unasanduka nkhani ya msana wanga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkafika kushopu ndi pempho limodzi.

"Alamu, kapepeseni. Msana wanga watha."

"Jenerale sabwerera m'mbuyo."

"Jenerale wake uti? Wodya buledi wouma ndi madzi, kolala ili bii?"

"Ndiwo moyo wa kunkhondo umenewo."

Anayesa njira zonse kupatula imodzi yokhayo. Anatumiza wailesi yokonzedwa bwino, achemwali anaibweza. Anatumiza abusa omwe aja ankawazemba, abusa anamwa tiyi n'kubwerera chimanjamanja. Ankadutsa mumsewu wa kwathu n'kuwerama moyang'anana ndi geti ngati akumanga zingwe za nsapato, pomwe avala masilipasi. Achemwali ankawasuzumira pakatani, osatuluka. Mvula inagwa, n'kukata, n'kugwanso. Alamu anaonda mpaka mathalauza awo onse ndinawachepetsa m'chiuno, ndipo zikomo wake anali kundiuza kuti ndasoka mokhota.

Nthawi imeneyo ndinalandira shati ya bwana wina wa kubanki, ya mabatani abuluu onyezimira, oti simungawapeze m'sitolo iliyonse. Ndinawachotsa kuti ndikonze kutsogolo kwake, n'kuwaika m'kasosa. Pobwezera, limodzi palibe. Ndinasesa shopu yonse, ndinakwawa pansi pa makina.

"Alamu, mwaonako batani labuluu?"

"Ine ndi mabatani a shati wapi ndi wapi?"

Masiku omwewo anayamba kusewera atavala mahedifoni, atandifulatira. Ine ndinathokoza Mulungu kuti mwina manyazi awapeza ku ukalamba.

M'mawa wina ndinamva khu! kumbuyoko, ndinkayesa ndi chule uja. Anali alamu, atagwa pakati pa mawailesi, kamwa itapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita, kunatsala maso ndi dzanja lamanzere. Achemwali ankaphika, kuchapa, kubwera kuchipatala tsiku ndi tsiku, koma ankathera pabenchi ya pakhonde la wodi. Chakudya ndinkalowa nacho ndine.

"Achemwali, munthu akufa uyu. Lowani."

"Ndilowe bwanji osandiitana?"

Anthu awiriwa Mulungu anawaumba ndi dothi limodzi, louma gwa.

Pambali pa bedi panali kakabati kachitsulo, ndipo alamu anakasandutsa ng'oma. Gu-ndi-gu-ndi, ndinkawapatsa madzi. Ndi-ndi-gu-gu, ndinkakoka katani chifukwa kukubwera anesi ndi jakisoni. Pha-pha-pha-ndi, ntchentche yatera pamphuno. Anesi ankadabwa n'kumaitanizana kudzaonerera. Kalanga ine, amene ndinkanyoza zonsezi kuposa wina aliyense, ndinasanduka womasulira wa a Jenerale!

Masana ena, maso ali kukhomo la wodi, anakanda kakabati ndi chikhadabo n'kumenya nkhonya. Kwe-gu-kwe-gu. Kenako anasiya. Anabwerezanso, kwe-gu-kwe-gu, n'kusiyanso. Ndinawapatsa madzi, anatseka milomo. Ndinakonza pilo, ndinaitana anesi, alamu anangotsinzina mokwiya, dzanja likubwereza zomwezo. Imeneyi sindinaimvepo chiyambire.

Ndinakwera basi kupita kushopu, n'kutsegula dirowa yawo. Kagemu kanali momwemo, pansi pa mahedifoni. Pabowo paja anazulapo batani panali batani labuluu lonyezimira, lomatidwa ndi guluu, m'mbali mwake mutada ndi thukuta la chala. Wakuba! Ndinatukwana ndekhandekha m'shopu mopanda munthu. Kenako ndinakayatsa. Tiasilikali tinali titaima pamaso pa chichule. Ndinadina kwe-gu-kwe-gu n'kudikira. Tinthu tija tinaimba, tinatembenuka tonse pamodzi, n'kuthamanga kubwerera kwawo.

Ndinabwerera kuchipatala, n'kukhala pabenchi pambali pa achemwali, n'kuwaonetsa. Anayang'ana tiasilikali tikutembenuka. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Anakonza mpango kumutu, n'kuimirira, n'kulowa m'wodi ngati akupita kukalanga kalasi yaphokoso.

Alamu atawaona, dzanja linapita pakakabati. Kwe-gu-kwe-gu. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthu uja anakhala chete kudikira yankho.

"Ndinati ndi pakamwa," anatero achemwali.

Dzanja la alamu linali m'malere, misozi ikutsikira kukhutu.

"Chitsiru cha munthu. Timawu tochepa ngati timeneti, mpaka kudikira kuti pakamwa pafe kaye?" Anakhala pabedi n'kuligwira dzanja lija. "Ndamva. Ndikubwerera."

Anabwereradi tsiku lomwelo. Anasesa nyumba, anachapa makatani, anataya mabuledi ouma, anasuntha bedi kuti liyandikire zenera, kukonzekera wodwala akatuluka. Amene sanabwerere ndi alamu. Anamwalira m'wodi momwemo sabata isanathe, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimawakwiyira.

Tsopano bedi langa ndi langanso, koma tulo sitibwera, nyumba yachita zii kopanda jenereta. Eni mawailesi anabwera kudzatenga mitembo yawo, aliyense n'kuchoka akudandaula masikuluwu. Kumbuyo kwa shopu kwangotsala tebulo ndi mpando. Nthawi zina ndikapalasa makina amalira gu-ndi-gu-ndi, ndimapezeka ndaimitsa phazi kudikira kuti wina atukwane a mikondo, ndiye ndimadzitukwana ndekha. Kagemu kali kwa achemwali, pamwamba pa kabati, ndipo chichule chija chikadali moyo, palibe wachigwira.

Shati ya bwana wa kubanki ndinaisokerera batani lina, losafanana kwenikweni ndi anzake. Anabwera nayo atakwiya, akuloza pachifuwa.

"Mayi, batani langa lenileni lili kuti?"

"Pepani bwana," ndinatero. "Linapita kunkhondo."