Za Kiyi Amene Munapita Naye M'thumba

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zomangamanga, omwe kale munali bwanamkubwa wa chigawo chathu.

Bwana,

Kalatayi ndikulemba nditagwada, ndiye zilembo zikapendekeka musadabwe. Ndine mlonda wa chipatala cha amayi oyembekezera chimene munatsegula mudakali kuno. Mwina mwaiwala, poti munatsegula zambiri. Ndi chija cha kuseri kwa msika, chomwe chili ndi chitseko chokha: felemu, mahinjesi, loko wonyezimira, basi. Munadula riboni ndi sizasi yagolide, ife m'manja phwaphwaphwa, inu n'kutiuza kuti makoma akubwera posachedwa. Kenako munakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete. Tisanapume, tinamva pa wailesi kuti akukwezani kukhala nduna.

Ndiyambe ndi zothokoza.

Choyamba, zikomo pondipatsa ntchito yopepuka. Chiyambireni palibe anathyolapo. Wakuba wina anabwera ndithu, anazungulira chitseko, n'kundifunsa kuti mkati ndi mbali iti. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Anandisiyira ndudu n'kumapita.

Chachiwiri, ukhondo. A zaumoyo atabwera kudzayendera anapeza kuti mpweya ukulowa bwino mbali zonse, ndipo palibe bedi ngakhale limodzi lomwe lili ndi nsikidzi. Anatipatsa satifiketi. Posowa khoma ndinaikhomera pachitseko.

Chachitatu, munatiphunzitsa ulemu. Kuno munthu salambalala chitseko cha boma. Amagogoda, ine ndimayankha kuti adokotala sanafike, iye n'kukhala pamwala kudikira. Mbuzi zokha ndi zimene zimalowa osaodira, koma tizikhululukire, sizinali nawo pamwambo.

Timanyadira tikamakuonani pa kanema kwa ometa tsitsi. Ometayo akuti mwayamba kuyenda mopendekekera kumanja chifukwa cha ukalamba. Ine ndimawatsutsa kuti ayi, ndi makiyi. Muli ndi chigawo chimodzi thumba linkakwana. Munatsegula sukulu ya belu lokha, ndi mlatho wa pamtsinje wathu womwe mpaka lero ndi chikwangwani. Nanga tsopano poti mukutsegula dziko lonse! Amene amati simugwira ntchito ayese kunyamula jekete lanulo.

Tsopano kadandaulo kanga, kakang'ono zedi. Mwana wanga wachisamba ali ndi pakati, ndipo masiku ake atha. Chipatala chokhala ndi makoma chili kutsidya la mtsinje uja, ndipo mvula yayamba. Dzinja lathali mkazi wa wokonza njinga anachirira pompano, kuseri kwa chitseko, poti amayi anagwirizana kuti kuseriko ndiye kuwodi. Anaima mozungulira atatambasula nsalu, mvula ikuwakhuthukira pamsana. Khandalo silinalire. Ine ndinali kutsogolo, ndikulondera loko wanu.

Ndikuopa, bwana. Mlonda sayenera kunena mawu amenewa, koma ndikuopa.

Makoma sindikupempha, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa. Denga ndiye kulitchula kungakhale mwano. Tumizani kiyi yekha, ngakhale pa basi; kondakitala wake ndi mlamu wanga, samutaya. Ndingofuna mwana wanga alowere pakhomo ngati munthu, asalambalale ngati mbuzi. Makoma adzaimanso amayi omwe aja, nsalu achapa kale.

Ngati kiyiyo wasokonekera pakati pa anzake, musavutike kukhuthula thumba. Ingobwerani nokha ndi sizasi yanu ija, poti azamba athu alibe chodulira mchombo. M'manja tidzaomba monga mwa masiku onse. Ndipo kadzakhala koyamba, bwana, kuti mudule chinthu chomwe kuseri kwake kuli munthu.

Ine wanu wogwadabe,
Mlonda wa chitseko