A Reinford, Mlonda Amene Sanadumphepo Kanthu

Mu Area 43 monse munalibe munthu wosadziwa kuti a Reinford sadumpha. Sindikunena za mpanda wokha ayi. Ngalande, chithaphwi, payipi yothirira kapinga, galu atagona panjira, zonsezi ankazizungulira. Ankati chiyambireni ulonda sanaonepo munthu wa zolinga zabwino miyendo yake yonse iwiri ili m'malere. Ine ndinagwira nawo ntchito pa nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi, iwo pageti, ine kukhitchini, ndipo ndikhoza kuikira umboni pamaso pa Mulungu kuti phazi limodzi la a Reinford linkakhala pansi nthawi zonse.

M'mawa uliwonse ankachokera ku Kauma wapansi. Anzawo a m'mayadi ankadutsa chidule, kudumpha kamtsinje, n'kufika nthawi yabwino. Iwo ankatsata msewu wa galimoto mpaka pamlatho, kufika mochedwa, kenako n'kudzilemba okha m'buku la pageti kuti lero mlonda wachedwa.

Pageti anali ndi mafunso atatu, ndipo sankasankha nkhope. Ndinu yani? Mukufuna ndani? Akudziwa kuti mukubwera? Abusa anafunsidwa. Amayi awo a bwana, atabwera kuchokera kumudzi ndi nkhuku m'khwapa, anafunsidwa. Ine ndinkafunsidwa m'mawa uliwonse, munthu amene ndinkawaphikira tiyi. Tsiku lina ndinawauza kuti dzina langa silinasinthe kuyambira dzulo, ndine Eveless yemwe uja. Anandiyankha kuti zimenezo azimvere kwa ine, osati azichita kuganizira.

Galimoto yokha ndiyo inkalowa osafunsidwa. Limeneli linali lamulo la eni nyumba, a bwana Cornelius, amene ankakhulupirira kuti wobwera pa galimoto ndi mlendo, wobwera wapansi ndi wopempha. A Reinford ankamvera, koma geti ankalitsegula pang'onopang'ono ngati munthu wotsegula bokosi la maliro.

Tsono a bwana anali ndi mwana wamkazi, Wiza. Anaphunzira za makompyuta, koma m'malo mofuna ntchito anakhala zaka ziwiri pa tebulo lodyera akujambula ndi pensulo ndi makala. Ankapanga gemu, imene anaitcha Chidule. M'gemumo muli kabambo konyamula kachikwama ka chakudya, kachedwa ku ntchito, ndiye kakuthamanga kuchokera ku Old Town, kudutsa City Centre mpaka kumayadi. Wosewera amakadumphitsa ngalande, kukankha madiramu kuti kakwererepo, kufuna makiyi, ndi kuganiza njira yodutsira pamene patsekeka. Chithunzi chilichonse Wiza anachijambula ndi dzanja. Mapepala ake anadzaza makatoni asanu, ndipo makala ake ndinkawapeza mpaka mu shuga.

A bwana ali ndi shopu ya zitsulo ku Old Town, ndipo kuseri kwa kauntala anali ataikako mpando wa Wiza. Anamuuza mosabisa kuti kuli chionetsero cha achinyamata opanga zinthu ku City Centre mwezi wa Seputembala. Anthu akakaikana gemuyo kumeneko, Lolemba lotsatira adzayamba kugulitsa misomali. A madamu Leticia sankalowerera. Anzawo akawafunsa, ankangoti mwana ali m'zamakompyuta, n'kusintha nkhani.

Wiza anaika gemu yake pa intaneti kuti anthu ayesere pa mafoni, ndipo ndemanga zawo ankandiwerengera kukhitchini ine ndikusenda mbatata. Wina analemba kuti zithunzizo zikuoneka ngati munthu wapukutira poto papepala. Wina anati kabamboko kamadumpha ngati chitete cholodzedwa. Wina anafunsa chifukwa chake mulibe mfuti. Msuweni wake Fiona wa ku Area 9 anati ndi yabwino kwambiri, kenako anaifufuta kuti zithunzi za ukwati zipeze malo. Koma madandaulo ambiri anali a mpanda womaliza, wautali, wokhala ndi magalasi osweka pamwamba. Palibe amene anaudumpha. Anthu ankapereka nyenyezi imodzi pa zisanu, ndipo wina analemba kuti imodziyo wapereka chifukwa cha ulemu wa makolo.

Anthu oyesa atatha, Wiza anatuluka ndi laputopu masana ena kupita pageti. Ine ndinatsatira ndi tiyi.

"Ankolo, tandiyeserani gemu iyi."

"Ndinu yani?"

"Ankolo, ndachokera m'nyumba."

Anamulola kukhala pa benchi. Wiza anawaonetsa mabatani, loyendera ili, lodumphira ili. A Reinford anayang'anitsitsa kabambo kaja kakukwera diramu n'kugwera m'yadi ya eni, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Kamunthu aka n'kandani?"

"Ndi inuyo, ankolo. Mukamasewera, ameneyu ndinu."

"Mwana wa bwana, ine sindinabepo."

Wiza anafotokoza kuti kabamboko si kakuba, kangochedwa ku ntchito. Iwo anati onse amene anawagwirapo ankanena zomwezo. Kenako anaona kuti m'gemumo muli mlonda wojambulidwa, amene wosewera amayenera kumuzemba. Maso awo anawala. Anakayendetsa kabamboko molunjika, osathamanga, mpaka kukakapereka m'manja mwa mlondayo. Laputopu inalira kanyimbo kachisoni, n'kulemba kuti walephera.

"Ndawina," anatero a Reinford.

Masanawo anawina kokwana makumi atatu. Kabamboko kakagwera m'ngalande, ankati kakanadutsa pamlatho. Kakatola kiyi, ankafunsa kuti kakaipereka kwa ndani. Wiza atawathandiza kufika pa mpanda womaliza, anaona kuti pambali pake pali geti lojambulidwa bwinobwino. Anakaimika kabamboko pamenepo n'kupinda manja. Tiyi anazizira.

"Ankolo, getilo ndi chithunzi chabe. Silitseguka."

"Batani la odi lili kuti?"

"Palibe."

"Ndiye mwakhala zaka ziwiri mukujambula dziko lopanda odi?"

Wiza anatseka laputopu n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamupeza akulira pa makatoni ake. Ndinamupempherera mwachidule. Atapukuta misozi ananena kuti madala amenewa awaonetsa. Mkwiyo unamugwiritsa ntchito milungu itatu. Anajambula batani la odi, ndipo analipanga mwankhanza. Ukadina, palibe chimene chimachitika kwa mphindi zitatu zathunthu. Kenako mlonda amasuzumira pa kazenera n'kufunsa mafunso atatu aja. Ukayankha, amapita m'nyumba, n'kubwera kudzakuuza kuti atulukapo. Uyenera kugogodanso. Geti limatseguka kachitatu. Mlondayo anamujambula ndi makutu a a Reinford, ndipo za batanilo sanauze aliyense.

Tsiku la chionetsero a Reinford anatengedwa kuti akanyamule TV, ine zitumbuwa. Holo inadzaza anyamata a m'maofesi, ndipo kutsogolo kunakhala akuluakulu a masuti. Gemu ya Wiza inaonetsedwa pa chinsalu chachikulu. Mnyamata woyamba anafera pa mpanda womaliza kasanu ndi kawiri. Wachiwiri anatukwana pa maikolofoni. Anthu anayamba kutembenukira kumene kunali gemu ya magalimoto, ndipo a bwana Cornelius anayang'ana wotchi n'kufuna makiyi m'thumba.

Mnyamata wachitatu atayamba kuunjika madiramu, a Reinford analephera kupirira. Anakwera pa nsanja kudzera pa masitepe, ngakhale kuti nsanjayo inali yofika m'mawondo, n'kumulanda mnyamatayo kachipangizo kosewerera.

"Iwe, pali geti apa. Unakulira kuti?"

Anakaimika kabamboko pageti, anapeza batani latsopano lija, anadina, n'kupinda manja. Mphindi imodzi inadutsa. Anthu anayamba kunong'onezana kuti gemu yaima. Mphindi yachiwiri woyendetsa mwambo anafuna kupepesa, a Reinford anamuuza kuti akhale chete, anthu a m'nyumba sathamangitsidwa. Kenako kazenera kanatseguka, makutu aja anatulukira, ndipo pa chinsalu panalembedwa kuti: Ndinu yani?

Oyamba kuseka anali a kumbuyo, osesa m'holomo, madalaivala odikira mabwana awo, ndi atsikana operekera zakumwa. Mlonda wojambulidwayo atabwerera kudzanena kuti atulukapo, mayi wina wosesa anakhala pansi n'kugwira m'mimba. Kenako anyamata a m'maofesi anagwirizana nawo, chifukwa aliyense wa iwo anaimapo pageti la munthu ndi kalata yofunsira ntchito. A masuti okha ndi amene ankayang'anana. Mkulu wina anafunsa a bwana Cornelius kuti choseketsa n'chiyani, bwanji kabamboko sikakuliza hutala.

Geti litatseguka, holo yonse inaimirira. Anthu a mu Lilongwe, amene amatukwana akaima pa mzere ku banki, anafola mpaka panja kuti akadikire pa geti lojambulidwa ndi makala.

Kuyambira tsiku limenelo osewera anagawanika pawiri, odumpha ndi a odi, ndipo ankanyozana pa intaneti ngati zipani. Odumpha ankati kudikira si gemu, amadikira kale mokwanira ku chipatala. A odi ankati odumphawo akaonetse aliyense amene anadutsapo mpandawo. Amene ananena za kupukuta poto uja analembanso kuti iye anaona luso la zithunzizo kuyambira pachiyambi. Fiona anaibwezeretsa m'foni ndipo ankauza anthu kuti maganizo ena anapereka ndi iye.

A Reinford atafunsidwa ndemanga yawo, anapereka nyenyezi imodzi. Anati mlonda wa m'gemuyo ndi wopepera, amatsegula kachitatu kokha, komanso malaya sanapisire. A bwana nawo sanagonje. Anangoti tiona, ndipo mpando uja unakhalabe kuseri kwa kauntala. Nthawi ndi nthawi ankautchula pa chakudya.

Dzinja lotsatira a Reinford anavumbwa ndi mvula panjira yawo yaitali ija, chibayo chinawagwira, ndipo sanathe sabata. Tinakawaika kwawo, kupitirira Nathenje. A bwana anati angokaonekera n'kubwerera, chifukwa kushopu kunali kubwera simenti.

Tili pasiwa, minibasi inaima kumsewu. Munatsika anyamata ndi atsikana oposa makumi awiri, osadziwika kwa aliyense. Anali osewera gemu ija, ambiri a iwo anthu amene sanawaonepo a Reinford ndi maso. Sanalowe. Anaima m'mphepete mwa bwalo, pamene panalibe geti kapena mpanda, ndipo mtsikana wina dzina lake Sumayya ananena motsitsa mawu kuti odi. Anadikira. Mchimwene wa malemu, amene sankadziwa chilichonse cha gemu, anadzuka n'kupita kukawafunsa kuti ndinu yani. Ena anaseka, ena analira, ndipo ine ndinabisa nkhope m'chitenje chifukwa ndinkachita zonse ziwiri.

Popita kumanda tinapeza kuti mvula yakumba ngalande panjira. Inali yaing'ono, mwana akanaidumpha. Adzukulu onyamula bokosi anayamba kuuzana kuti awerenge mpaka katatu. Wiza anatsegula pakamwa, koma amene analankhula anali bambo ake.

"Pepani, akuluakulu. Amenewa sadumpha. Tizungulire."

Adzukulu anang'ung'udza kuti pamlatho ndi patali. A bwana anavula jekete n'kugwira nawo bokosi. Tinayenda pafupifupi ola m'matope, nyimbo zonse zimene tinkadziwa zinatha mpaka tinayambiranso, ndipo nsapato za a bwana sizinavalidwenso. Pobwerera pa galimoto tinafika pa Bunda Turn-off. Pamenepo a bwana ananena, maso ali pamsewu, kuti mpando wa kushopu aupereka kwa munthu wina, Wiza apitirize zojambula zakezo, koma akadzawajambula iwo asadzawaike mimba.

Tsopano pa nyumba paja anaikapo geti lamagetsi, lotsegulira ndi rimoti. Mwezi watha magetsi atazima, ndinaona pa zenera la kukhitchini a bwana akukwera mpanda wa nyumba yawo yomwe, buluku litakodwa pa waya. Ndinangothimitsa mbaula n'kukawafunira singano.

Ine ndimabwerabe wapansi m'mawa. Ndimadina kabelu, geti limalira n'kudzitsegukira lokha, ndipo ndimadutsa pa benchi yopanda munthu. Zaka khumi ndi zinayi ndinkadandaula ndi funso lija, koma chimwalirireni amuna anga panalibenso wina mumzinda muno amene ankafuna kudziwa tsiku ndi tsiku kuti ndine yani. Wiza anandiikira gemu yake m'foni. Kudumpha sindidziwa, ndipo sindikufuna kuphunzira, choncho anandikonzera kuti izingoyambira pageti. Masana ndikatsuka mbale ndimadina odi, n'kuiika foni pa tebulo. Mphindi zitatu zikatha, makutu aja amasuzumira pa kazenera.

Ndimayankha mokweza, ngakhale Wiza anandiuza kuti foni siimva.

"Ndine Eveless, a Reinford. Yemwe uja."