Njinga ya Njoka Ziwiri

Lolemba, 14 Juni
Ndalemera! Mzungu wa zankhalango ku Phiri la Dedza akuweta njoka m'bokosi lagalasi. Mzungu angawete chopanda ndalama? Ndagwira ziwiri pansi pa matabwa, zopanda ululu zija zodya makoswe. Mayina: Bwana ndi Dona. Ziswane, ndimugulitse ana, ndigule njinga. Anzanga a sitandade 8 aziwerengabe. Ndazisunga mumtsuko wa amayi.

Lachiwiri
Kuzizira koopsa. Bwana ali uko, Dona ali uko, osayang'anana n'komwe. Zofunika:
kutentha
mbewa
chikondi
Ndazifunditsa bulangete langa. Ine ndikugona m'saka. Bizinesi imafuna kupirira.

Lachitatu
Amayi afuna mtsuko wawo, aupeza. "Yesu, Mariya, Yosefe!" Nyumba yonse yanyowa ndi madzi odalitsa. Mbiri yafika kale kumsika wa Chimbiya: akuti mbatatesi zathu zimakula chifukwa cha njoka yokhwimira. Amayi abwerako ndi dengu lodzaza, sanagulitse ngakhale mulu umodzi. Zimenezo zandiwawa. Njinga ikabwera ndizikawanyamulira.

Lachinayi
Kusaka mbewa kumsika wa Mayani, banja langa la njoka lili m'thumba kuopa amayi. Pageti anyamata a chipani akufuna khadi. Wina akuti, "Nanga zili m'thumbazo zili nalo khadi?" Ndati afunse okha, ndamasula. Mpaka pano akuthamanga! Mawa ndisaoneke ku Mayani.

Lachisanu
Amalume, omwe dzulo ankanditcha mfiti, abwera monong'ona kudzafunsa kuti njoka iyamba liti kusanza ndalama. Akufuna gawo. Amayi sakuseka. Akuti ndalama ya fetereza ili mu mbatatesi zomwe zikuwolazo, ndiye pofika Lamlungu ndisankhe: njoka kapena iwo. Mazira: palibe. Sindibwerera m'mbuyo!

Loweruka
Ndakwera phiri kukapangana mtengo. Mzungu wazitembenuza, waseka, khukhi wake akumasulira. Choyamba: Dona nayenso ndi mwamuna. Chachiwiri: njoka sagula, amatola ulere ngati ine. Ndafunsa phindu lake n'chiyani. Khukhi akuti, "Amangoziyang'ana basi, achimwene, ngati maluwa."
Munthu wamkulu, wagalimoto!

Lamlungu
Amayi apita ku Misa atasenza mtsuko, abambo mfumu akaudalitse anthu onse akuona. Mawa abwerera ku Chimbiya.
Ine ndakatula madoda awiriwa pamwala, m'mapaini. Sakuchoka. Angodzipinda, chisanu. Ndakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, kungowayang'ana. Ndi okongola ndithu, mzungu uja si wopusa kwenikweni.
Bulangete ndawasiyira.
Njinga palibe. Saka lilipo.