Che Abbas ndi Nkhafi Zouma za Atsibweni Anga

"Iwe wasukulu, tandiuza. Kodi pulezidenti ndi nkhuku, yoti afungatire mpando mpaka uswe anapiye?"

Limeneli ndi funso limene Che Abbas anandifunsa sabata yomwe ndinalekeza Sitandade 4, ndikungoyendayenda pa dooko lathu ku Lifuwu, manja m'thumba. Pulezidenti ankanenayo anali atsibweni anga enieni, a Fletcher, mkulu wa bungwe la asodzi a pa dookopo. Koma funsani aliyense kuyambira kwathu mpaka ku boma la Salima, akuuzani kuti panalibe munthu wodana ndi pulezidenti wofuna kubwereza ngati Che Abbas. Ena amadwala malungo. Iwo ankadwala atsibweni anga.

Chifukwa chake chinalipo, ndisabise ngakhale ndi abale anga. A Fletcher anali atakhala pampando zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ankafunanso zina ziwiri. Zaka zonsezo sanapondepo m'bwato. Ankabwera pa dooko atavala tayi ndi chipewa cholimba chonga cha azungu a ku boma, n'kumaloza ndi ndodo: pamchenga wabwino paziima mabwato a alamu awo, ena onse kumabango kumene ng'ona zimawothera dzuwa.

Che Abbas anagula tambala wofiira n'kumutcha dzina lakuti Pulezidenti. M'mawa uliwonse akachoka koswali ku mzikiti, ankam'peza ali pamwamba pa thandala loyanikira usipa, n'kukuwa mudzi wonse ukumva: "Tsika, Pulezidenti! Nthawi yako yatha!"

Tsiku lina atsibweni anapita okha kukadandaula.

"Che Abbas, tambala uyu mum'sinthe dzina."

"Bwanji, bwana? Wabwera kudzakudandaulirani?"

"Mukundinyoza ine!"

"Wallahi ayi. Uyutu ndikamuuza kuti atsike amatsika."

Mtengo wa mango umene a Fletcher anadzala pa dooko, Che Abbas sanakhalepo pamthunzi pake. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, anthu onse pansi pa mango, iwo ali poteropo pamchenga, thukuta kamukamu, akuti mthunziwo ndi wachiphuphu. Chisankho chitayandikira anayenda wapansi mpaka ku sitesheni ya Salima. Sitima itaima, anayamba kuyenda zenera ndi zenera.

"Abale anga, musam'sankhe Fletcher!"

Mayi wina wochokera ku Limbe anasuzumira. "Fletcher ndiye ndani, bambo?"

"Mwayi wanu, mayi, simum'dziwa. Komabe musam'sankhe."

Nkhani imeneyi itafika kwathu, atsibweni anapsa mtima kwenikweni. Anaima pa dooko pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Ndikapambana Loweruka lino, bwato la Abbas lichoke pano. Azikasodza m'chitsime!" Palibe anaseka. Bwato limenelo ndilo linkadyetsa ana anayi, ndipo dooko lina lili kutali, lilinso ndi eni ake. Akazi a Che Abbas, a Habiba, anawagwira mwendo amuna awo.

"Bambo, khalani chete sabata imodzi yokha."

"Ndinayesa dzulo, mayi. M'mimba munatupa."

Iwo eni sanafune kuimira. Ankati, "Ndikakhala pampando ine, ndizikalipira ndani?" Choncho anakakoka Samueli wosoka makoka, munthu wofatsa moti ankachita ngati apepese nsomba asanaitumbule, n'kumuuza kuti waimira basi.

Tsono kwathu sitisankha ndi mapepala kapena pokweza manja. Msodzi aliyense amabwera ndi nkhafi yake n'kuizika mumchenga kumbuyo kwa munthu amene akum'funa, ndiye nkhafi zimawerengedwa. Chaka chimenecho, cha 1952, owerenga ndinali ine, poti ndine ndinali ndi sukulu. Atsibweni anandinong'oneza kuti zikayenda bwino andilembera kalata yoti ndikapeze ntchito ku sitesheni. Ndinadziona kale nditavala yunifolomu, atsikana akundiloza.

Loweruka m'mawa asodzi anazika nkhafi zawo. Kwa Samueli makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, kwa atsibweni khumi ndi zisanu ndi zinayi. Che Abbas anali atayamba kale kuvina. Kenaka tinangomva nyimbo kuchokera kumsewu. Amuna makumi atatu a kumtunda, olima mtedza kwawo kwa azakhali anga, akazi a atsibweniwo, anatulukira aliyense ndi nkhafi yoyera mbee, ataipachika paphewa ngati khasu. Anazika zonse kumbuyo kwa a Fletcher. A Habiba anangokhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

"Werenga, mphwanga," anatero atsibweni akukonza tayi.

Koma Che Abbas anali atafika kale pamzerepo. Anazula nkhafi imodzi n'kuinunkhiza. Anazula ina, nayonso ananunkhiza.

"Iyi ikununkha utomoni. Iyi ikununkha mbuzi. Inayi, Subhanallah, ikadaphukira tsamba! Achimwene, nkhafi yanuyi inaionapo nyanja?"

"Yaiona lero," anayankha bamboyo mosabisa.

"Nkhafi ndi nkhafi!" anakuwa atsibweni.

"Zoona, bwana. Ndiye alendo athuwa atipalasire pang'ono. Afike pa bango lili apolo n'kubwerako. Yanyowa, ivote."

Amayi oyanika usipa ndiwo anayamba kuwomba m'manja: "Inyowe! Inyowe!" Asodzi onse analandira, ngakhale alamu awo a pulezidenti. Bangolo linali pafupi moti mwana akanaligenda ndi mwala, madzi ake olekeza m'chiuno.

Abale inu, zimene ndinaona tsiku limenelo sindidzazionanso. Awiri oyamba anakwera moyang'anizana, aliyense akupalasira kwa mnzake, bwato likungozungulira pamodzimodzi. Wachitatu ankalima madzi ngati akuunda mizere. Wina asanakwere anafunsa kaye kuti kutsogolo kwake n'kuti. Wina anangokhala, bwato gubudu, anadzuka akufuula dzina la mayi ake, madzi ali m'mawondo. Otsalawo anaponya nkhafi pansi n'kunena kuti iwo anangolonjezedwa tiyi.

"Zitsiru!" anatero atsibweni. "Bweretsani kuno ndikuonetseni."

Anaiwala kuti kamwa la bwato ndi lopapatiza ndipo zaka zisanu ndi chimodzi za upulezidenti zinali zitakhazikika pamimba. Mwendo umodzi unalowa. Winawo unakana. Anapalasa kamodzi, kawiri, kachitatu tinangoona nsapato m'mwamba. Chipewa chija chinayamba chokha ulendo wa ku Nkhotakota. Amene analowa m'madzi kukawadzutsa anali Che Abbas.

"Gwirani dzanja, a Pulezidenti. Mwanyowa bwino. Inu mukhoza kuvota."

Pamene ankatuluka, anthu awo omwe anali akuzula nkhafi zawo mwakachetechete n'kukazika kwa Samueli. Atsibweni anandiyang'ana, madzi akuchucha m'tayi. Ndinaganiza za yunifolomu ija. Kenaka ndinakwera pa bwato logadabuzika kuti onse andione, n'kufuula ndi mawu onse amene ndinali nawo: "Samueli makumi anayi ndi imodzi! A Fletcher zinayi!"

Ntchito ya ku sitesheni inamira pomwepo. Koma dooko lonse linamva mawu anga, ndipo mpaka lero amayi ena amanditcha Wowerenga.

Anthu anawanyamula Che Abbas m'mwamba, osati Samueli. A Habiba ankaseka akulira. Atawatsitsa, Che Abbas anapita kukakhala pansi pa mango uja koyamba, n'kuusa moyo: "Mthunzi wabwino, uwu." Kenaka anam'kodola pulezidenti watsopanoyo.

"Samueli, zaka ziwiri basi. Ukawonjezera tsiku limodzi, ndigula tambala wina."

Sanafike pogula. Chifuwa chinawagwira nthawi ya mwera chaka chino, ndipo sabata isanathe tinawaperekeza. Atsibweni anga, Mkhristu wa mu kwaya, ndiwo anayamba kufika pa maliro, ndiwonso anatsiriza kuchoka. Pobwerera anapempha a Habiba tambala uja. Ali kwathu tsopano, wakalamba, ndipo palibe wololedwa kum'pha. M'mawa ndimawamva atsibweni akumuuza pansipansi, "Tsika, Pulezidenti," koma tambalayo sawamvera.

Pa dooko pali zii. Mabwato amapita n'kubwera, usipa umauma, anthu amapatsana moni mwaulemu, ndipo palibe wokhala padzuwa chifukwa chokana mthunzi. Sindinkadziwa kuti phokoso la munthu mmodzi lingasiye malo aakulu chonchi.

Tsono sabata yatha ndinam'ona Samueli akutuluka mu sitolo ya mwenye ku Salima ndi kaphukusi. Dzulo wabwera pa dooko atavala tayi, n'kunena kuti anthu am'pempha kuti apitirize. Anthu onse anangoyang'ana pansi. Ena anacheukira pamalo pamene Che Abbas ankakhala, ngati mchenga ulankhula.

Ine ndinapita kwa a Habiba. Ana awo akadali aang'ono ndipo bwato lija langokhala. Anandilola kuti ndizilipalasa, nsomba tizigawana, n'kundipatsa nkhafi ya malemu, yakuda bii, yosalala pogwirira. Kunena zoona kupalasa sindikudziwa bwino, sukulu inandidyera nthawi. Lero lokha ndagubuduka kawiri, ana akundiseka. Koma chisankho chili Loweruka la sabata yamawa, ndipo ndatsimikiza mtima. Ndipalasa tsiku lililonse mpaka ndifike pa bango lija n'kubwerako. Ndiye ndidzaima pakati pa dooko, nkhafi ikudontha madzi, ndim'funse Samueli pamaso pa onse ngati pulezidenti ndi nkhuku.