Beseni Logula Msanga

Lolemba

Esinati, mkazi wanga, ali ndi pakati. Akuti miyezi iwiri. Lamulo lake ndi limodzi: asamve munthu, makamaka amayi ake ku Lirangwe. Apongoziwo akangomva abwera ndi chikwama. Mkulu wake wa Esinati atatenga mimba apongoziwo anakakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Ndalama zanga sizingadyetse pakamwa patatu.

Mbuzi ndagulitsa, K70,000. Ndizo zonse tili nazo. Mitengo ikukwera sabata iliyonse, ndiye za kuchipatala ndigula panopa. Amuna ena amathamanga tsiku lomaliza. Ine ayi.

Zofunika:
beseni
pepala lakuda loyala pobereka
zitenje zinayi
lezala ndi ulusi
tochi
thiransipoti ya kusikelo

Nzeru yanga nayi: chinthu chilichonse msika wakewake. Munthu akaona beseni lokha amangoti ndi beseni. Ngakhale Esinati sindimuuza, adzangodabwa.

Lachiwiri

Beseni ndagula kuno ku Chileka, K7,000. Ndalikulunga m'thumba la feteleza, lili pansi pa bedi. Palibe wandiona kupatula wogulitsa, ndipo iye ndi mlendo kuno.

Ndagulanso usipa wa mwezi wonse, K8,000, chifukwa wambiri umatchipa. Esinati wangomva fungo pakhomo n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Akuti m'nyumba mukhala usipawo kapena iye. Ndapatsa aNambewe oyandikana nawo. Alandira ndi manja awiri, koma maso ali pakhomo pathu: "Usipa wabwinobwino uwu? Alamu ali bwino koma?"

Ndati chimfine. Ndikuganiza kuti akhulupirira.

Zatsala K55,000. Tikuyenda bwino.

Lachitatu

Lezala ndi ulusi ndikugula ku Mdeka, kumene sandidziwa. Minibasi yaima pa Lirangwe nthawi yaitali kudikira anthu. Ine mutu pansi, ngati ndikumanga nsapato. Kondakitala akufunsa ngati ndikufuna kusanza.

Lezala ndi ulusi, K1,000. Ulendo wake, K9,000. Pamenepa pali cholakwika, koma chinsinsi chili ndi mtengo wake.

Esinati anati akufuna malambe, ndiye ndamutengera a K3,000. Walawa limodzi, akuti akumuwawa mano. Tsopano akufuna dothi la pachulu. Limeneli ndi laulere, ndakumba ndekha mokondwa. Kenako ndayamba kuganiza za njoka za m'mimba. Mankhwala ake ndi ndalama zingati?

Zatsala K42,000.

Lachinayi

Pepala lakuda likutchipa ku Lirangwe ndi K500. Ndavala chipewa, ndalowera msika chakumbuyo.

Mkulu wogulitsa akufunsa: "La denga kapena la kuchipatala?" Ndati la denga, mamita awiri. Waseka. "Denga la mamita awiri, bambo? Mumagona choimirira?"

Kumbuyo kwanga wina watsokomola. Ndi amake a Chikondi, amene amaimba kwaya imodzi ndi apongozi. "Akamwini, nyumba yanu ija si yamalata?" Ndati ndi la khola la nkhuku. "Mwayamba kuweta?" Ndati eya.

Nkhuku tilibe. Bodza lopanda nkhuku silingaime, ndiye ndagula thadzi iwo akuona, K10,000. Ndayankha mwanzeru, ndikudziyamikira. Ndabwerera pa minibasi, nkhuku ili pamiyendo.

Pepala K3,000, ulendo K6,000. Zatsala K23,000.

Lachisanu

Zitenje ziwiri zokha, K14,000. Zinazo mwezi wamawa. Tochi tibwereka.

Nkhuku yalowa pansi pa bedi, Esinati poitulutsa wakoka thumba lija. Wayala zonse pamphasa, beseni, pepala, lezala, ulusi. Waziyang'ana chimodzichimodzi. Kenako: "Bambo, mwana sanayambe n'kugunda komwe. Mwagula zimenezi lero?"

Ndati mitengo. Wagwira kukamwa. Ndikuona ngati akudabwa kuti ndimaganiza patali.

Foni yalira katatu n'kuduka. Nambala ya apongozi. Sindikuyimbanso, mayunitsi sali pa mndandanda.

Zatsala K9,000.

Loweruka

Njinga yamoto yaima pakhomo m'mawa. Apongozi, chikwama, mphasa yopinda. Wakabaza akuyang'ana ine. K5,000.

Apongozi akhala pakhonde, nkhope kumbali, monga mwa ulemu wa mpongozi ndi mkamwini. Amalankhula ndi Esinati, koma mawu onse ndi anga.

Za mimba akuti anadziwa kale, masabata atatu apitawo, Esinati atakana nyama yankhumba kwawo. Anangokhala chete, poti mimba yaing'ono sailengeza. Ankati abwera mwezi wachisanu ndi chitatu. Chawadzutsa ndi nkhani ya amake a Chikondi.

"Uwafunse amuna akowa. Kwawo amagula za mwana munthu asanaoneke? Akufuna kutiitanira chiyani? Lirangwe yense akudziwa za pepala."

Ndati mitengo, koma ndauza khoma.

Chigamulo: zinthu zonse zichoke pa dzina la mwana lero lomwe. Zigwire ntchito zina, ziiwalike. Za mwana tidzagula nthawi yake ikakwana, zatsopano.

Lamulungu

M'beseni muli mphale, aviika. Pepala lakuda layalidwa pabwalo, likudikira ufa. Chitenje chimodzi apongozi avala kutchalitchi, chawakhala bwino. Ulusi asokera thumba. Lezala ndametera ndevu.

Nkhuku tadya masana. Mpongozi akabwera umamuphera nkhuku, pamenepo sindingatsutse. Ine andipatsa khosi ndi mapazi.

Kutchalitchi azibambo atatu andigwira chanza mwamphamvu osanena kanthu. ANambewe abweretsa mango osapsa m'mbale yovundikira.

Zatsala K4,000. Zikwana kupita kusikelo Lachiwiri, anthu awiri. Apongozi akuti tipita atatu.

Ndatuma Esinati awafunse mwaulemu kuti akhala mpaka liti. Ayankha akusenda mtedza, osadzutsa mutu: "Munthu wogula lezala ku Mdeka sungamusiye yekha ndi mimba. Mwana akayamba kukwawa tidzakambirana."

Mawa ndikafunsa ganyu kwa oumba njerwa.