Mayeso a Mutu pa Foni

Lolemba, 3 Novembala
Anaphiri aneba, lembani bwino, musadumphe liwu. Ana anga: Limbikani, ali ndi minibasi yakeyake ya Biwi. Tiyamike, mphunzitsi ku Area 25. Mavuto, wowotcherera zitsulo, mageti ake afika mpaka ku Tsabango. Onse ndinabereka ine. Lero akuti mutu wanga sukuyenda chidwalireni vairasi ija inandilowa mu ubongo. Lachisanu achipatala andiyesa mutu pa foni. Ndikalephera, Tiyamike anditenga, nyumba yanga ya Kawale aikamo alendi. Ndikhoza basi!

Lachiwiri, 4
Mutu auyesa bwanji ali kutali? Foni ndiike pakhutu kapena paliwombo? Mavuto akuti, "Amangofunsa mafunso, amayi." Ndikuloweza: malamulo khumi, mayina a adzukulu, midzi ya kwathu ku Ntcheu.

Lachitatu, 5
Limbikani akuimba foni kuti tiyeserere. "Sungani mawu atatu: mbuzi, mpando, lalanje." Mbuzi ya yani? Akuti ilibe mwini. Mbuzi yopanda mwini mu Lilongwe muno! Pobwereza ndikupeza mbuzi ndi lalanje. Chinacho chathawa. Anaphiri akuti ndachikhalira.

Lachinayi, 6
Magetsi azima, foni yafa. Ili kwa ometa tsitsi, akutchaja. Ndikusita chitenje chatsopano. Anaphiri: "Sadzakuonanitu." Nanga ndiyankhe adokotala nditavala zakudimba?

Lachisanu, 7
Foni yalira! Ndi mtsikana wa kuchipatala, safunsa n'komwe za kunyumba. Tsiku la lero: ndakhoza. Kumene ndili: ndakhoza. Mawu atatu: lero abweretsa ena, mbuzi palibe! Kenaka, "Malemu amuna anu anali yani?"
Abambo a Limbikani.
"Dzina lawo, agogo."
Angozo.
"Loyamba."
Ine? Ukwati wonse sindinalitchulepo, ndiyambe lero, kwa mwana, pa foni? Ndili chete.
"Musadandaule, agogo, ambiri amaiwala akadwala chonchi."
Sindinaiwale! Wadula kale.

Loweruka, 8
Tiyamike wafika ndi mwamuna wake. Akuyang'ana mapoto anga, akuyeza bedi ndi mapazi. "Amayi, mpaka dzina la ababa?" Ndikuti ndikulidziwa ngati mchere. "Tchulanitu." Pamaso pa mkamwini? Mwanayu ndi mphunzitsi ndithu?

Lamulungu, 9
Pochokera kutchalitchi ndikutseka chitseko, ndikuyesa ndekha. Dzina lili pakamwa pompa, lilime likukana. Anaphiri akuti ndiwanong'oneze, angolemba. Ayi. Kaya ndalephera mayeso, kaya mayeso ndiwo alephera, sindikudziwa. Mapoto akuluakulu ndiwasiyira Mavuto. Ana onse asonkhana pano Loweruka pa 15 Novembala kudzakamba za nyumba. Anaphiri, tsikulo mudzandikumbutse.