Maselo Anga Anafera ku Fairgrounds

Gaborone, Okutobala 2007

Wolemekezeka Bwana Dailekitala,

Dumela rra. Ndine Chindikani, Mmalawi uja wa m'chipinda chamdima, amene mumamutcha "Zambia" tikakumana pakhonde. Sindidandaula, mumayandikira ndithu.

Ntchito yanga, poti simunaifunsepo, ndi iyi. Ndimalowetsa kachizindikiro kowala m'selo lamoyo. Jini imene ndikuilonda (kachidutswa ka chibadwa ka m'selomo, osati chiwanda) ikadzuka n'kuyamba ntchito, selolo limawala mobiriwira, ine n'kumaliona pa maikulosikopu, limodzilimodzi. Maselowa amafuna mdima, bata ndi kufunda ngati kwa thupi la munthu. Mkazi wanga Perpetua amauza anzake kutchalitchi kuti ndine mphunzitsi, chifukwa kwathu mwamuna wobindikira mumdima kumayang'ana zinthu zowala ali ndi dzina lina.

Choyamba, zikomo potinyamula pa pikiapu, ine ndi maikulosikopu, kupita kuchionetsero ku Fairgrounds kuti mtundu ukaone sayansi. Ndinafuna kukana. Ndinakonza mawu aukali, n'kuwayeserera pamaso pa Perpetua mpaka iye anaombera m'manja. Nditalowa mu ofesi yanu, chimene chinatuluka pakamwa panga ndi "ke a leboga", zikomo wa m'Chitswana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha tenti yoyera ija. Dzuwa la Gaborone linawala kuposa majini onse. Maselo amene ndinawalera ngati ana anapsa tsiku loyamba lomwelo, nkhomaliro isanakwane. Masiku otsalawo ndinkaonetsa anthu mitembo. Munandilangiza kuti ndiziti maselo akupumula, ndipo ndinaterodi, nditamanga tayi. Bambo wina wa ku Modipane anandibweretsera tsitsi la mwana kuti ndione ngati mwanayo ndi wakedi. Ndinaliyang'anitsitsa nthawi yaitali, poti ndi munthu yekhayo amene anandiyesa katswiri.

Za galasi la maikulosikopu limene linang'aluka pobwerera, sindinenapo kanthu. Dalaivala ankathamangira kukupatsani chikho chimene tinapambana. Chikhocho chinakhala kutsogolo, atachimanga lamba. Ine kumbuyo, nditakumbatira makina.

Tsopano mwandidziwitsa kuti kontrakiti yanga siwonjezedwa chifukwa palibe zotsatira. N'zoona, bwana, palibe. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chithera pomwepo, ndipo mwana wanga Salome, amene ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chitswana, akayamba sukulu ku Kasungu ngati mlendo.

Pempho langa ndi laling'ono. Dzulo ndinaona kuti mwapachika chithunzi chachikulu pageti: ine nditawerama pa maikulosikopu osalumikizidwa kumagetsi, mano onse pamtunda, pansi pake mutalemba kuti tsogolo lawala. Poti ntchito ya munthu wa pachithunziyo ikukusangalatsani, chonde mulembereni kalata ku Immigration kuti iyeyo akhalebe. Ine mungondilola ndizibwera m'mawa kudzamupukuta fumbi.

Wanu wogwada ndi mawondo onse awiri,
Dr. Chindikani Nkhwazi